Mphika wa m'komboni usavundikiridwe ndi manyazi

Abale anga a m'mapulazi, ndi inu amene mumagwira ntchito m'nyumba za anthu,

Pali funso limene ndimayamba nalo paliponse pamene ndafika m'boma la Shamva pa ntchito yanga yofufuza za moyo wa antchito. Sindiyamba ndi malipiro, pakuti munthu sauza mlendo za m'thumba mwake tsiku loyamba. Ndimafunsa kuti, "Kodi dzulo munadyera chiyani?" Yankho loyamba limabwera m'Chishona ndipo limakhala lalifupi: sadza ndi muriwo. Koma ndikakhala pamphasa, n'kumwa madzi, n'kupereka moni wa kwathu, yankho lija limasintha. Pamenepo mpamene ndimamva za nkhwani wotendera, za chigwada, za nandolo ndi za thobwa amene akuwira mu mtsuko kuseri kwa chitseko.

Tsiku lina, pa pulazi ina ya m'mbali mwa msewu wochokera ku Bindura, ndinapeza mayi wachikulire akupakula. Atandiona ndi kope m'manja, anatenga mbale n'kuvundikira mphika wa ndiwo msangamsanga. Titadziwana anauvundukula, ndipo munali chigwada chophikidwa bwino ndi nsinjiro. Ndinawafunsa kuti, "Agogo, munabisiranji?" Iwo anaseka pang'ono nati adzukulu awo amasekedwa kusukulu kuti kwawo amadya masamba a mitengo, tsono iwo anazolowera kuvundikira akaona nkhope yachilendo. Mayi amenewa anabadwira m'dziko lino, mayi awo anaikidwa m'manda a pa pulazi yomweyo, koma mphika wawo amauphimba ngati wakuba.

Ndalemba nkhaniyi chifukwa cha mbale yovundikira ija. Maganizo anga ndi akuti chakudya chathu, magule athu ndi chinenero chathu si zinthu zobisa, komanso si zokongoletsera chabe zoti anthu aziombera m'manja pa tsiku la chikondwerero. Zimenezi ndi umboni wakuti tinafika kalekale ndipo tinamanga nawo dziko lino. Ndiponso ndi pa mphika, pa maliro ndi pa bwalo la gule pamene makolo athu anaphunzira kuima pamodzi pofuna zoyenera zawo. Tikazibisa, tikudula muzu wa mphamvu yathu yomwe.

Zimene zili mu mphika

Tiyeni tiyende pamodzi madzulo amodzi m'komboni ya pulazi, kapena m'misewu ya Wadzanai m'tauni ya Shamva, tikuyang'ana ndi maso a munthu wofuna kudziwa.

Choyamba muona nsima. Anansi athu amati sadza, ndipo pa tsiku wamba ufa wake ndi umodzimodzi. Koma kukakhala ukwati, chinamwali kapena sadaka, alipo amayi amene sagona mpaka atapeza ufa woyera. Amakonola chimanga, kupeta gaga, kuviika mphale masiku angapo, kuyanika padzuwa, kenako kukagayitsa. Anthu a zaumoyo amanena zoona kuti mgaiwa ndiwo uli ndi chakudya chokwanira m'thupi, ndipo ana tiziwapatsa umenewo. Koma amene anakulira pa mgaiwa wa poso wa pa pulazi amadziwa tanthauzo la ufa woyera. Unali chizindikiro chakuti lero tikudya zimene tasankha tokha, osati zimene kapitawo watiyezera.

Chachiwiri muona ndiwo. Mashona amathira dovi, chiponde cha mtedza wokazinga. Ife timatendera ndi nsinjiro za mtedza wauwisi. Bonongwe, luni, chisoso ndi therere timadya tonse, maina okha ndiwo amasiyana, ndipo zimene ife timati mfutso iwo amati mufushwa. Chigwada ndicho chimatisiyanitsa kwambiri, pakuti chinangwa chinali mbewu ya anthu a m'mbali mwa nyanja ya Malawi ndi a ku Mozambique. Phesi lake linayenda m'mitolo ya anthu obwera kudzagwira ntchito, n'kudzabzalidwa kuseri kwa nyumba za m'komboni. Nandolo nayenso amakumbutsa za Mulanje, Thyolo ndi Zomba.

Chachitatu muona tinsomba touma. Agogo athu ankalakalaka usipa wa kunyanja, ndipo aliyense wobwera kuchokera kumudzi ankayembekezeka kutengako kaphukusi. Kapenta amene tikudya lero sanali wa kuno: anachokera ku nyanja ya Tanganyika n'kudzaikidwa m'damu la Kariba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Nayenso ndi wobwera, koma palibe amene amamufunsa chitupa pa msika.

Mukapitirira pang'ono mumva kununkhira kwa mpunga pakhomo pa Ayao, makamaka pa tsiku la Eid, ndipo muona kamzikiti kakang'ono kamene akuluakulu anamanga ndi manja awo ataweruka kuntchito. Mumva Chisena ndi Chinyungwe cha abale a ku Tete, mumva Chinsenga cha ochokera ku Petauke, ndipo nthawi ya masika muona anyamata akubwera ndi mpani wa mbewa. Usiku wa Loweruka mungamve ng'oma za gule wamkulu, amene kuno amamutcha zvigure, kapena kuona beni wa Ayao ndi mayunifolomu ake.

Pomaliza, kwezani maso muone mitengo. Mango aakulu amene ali pakati pa komboni sanamere okha. Anabzalidwa ndi munthu amene analibe pepala lililonse la malo, koma anali ndi chikhulupiriro chakuti ana ake adzadya zipatsozo. Mtengo wa mango wa zaka 60 ndi mboni yosanama ya nthawi imene banja lakhala pamalopo, monganso alili manda a kuseri kwa munda wa fodya.

Mmene tinafikira kuno

Ana athu ambiri sadziwa chifukwa chake agogo awo anachoka kwawo. Sanachoke chifukwa chokonda kuyendayenda. Boma la atsamunda ku Nyasaland linakhazikitsa msonkho wa nyumba m'zaka za m'ma 1890, ndipo m'minda ya azungu ya kum'mwera munali thangata. Ku Mozambique Apwitikizi ankagwira anthu kukagwira ntchito yokakamiza. Kuno migodi ndi mapulazi zinkasowa manja, motero mu 1903 kunakhazikitsidwa bungwe lolemba anthu ntchito la Rhodesia Native Labour Bureau, limene antchito ankalitcha chibalo. Ambiri ankalizemba n'kumayenda okha wapansi, kuwoloka Zambezi cha ku Tete, n'kulowera ku Mount Darwin kapena ku Mutoko. Pambuyo pake kunabwera malole a Ulere ndi bungwe la Mthandizi. Shamva, amene ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 90 kumpoto chakum'mawa kwa Harare, anali pafupi ndi njira zimenezi, ndipo mgodi wake wa golide unali umodzi mwa migodi ikuluikulu ya dziko lino. Amene sanabwererenso kumudzi anatchedwa matchona.

Chakudya chinali nkhani ya moyo ndi imfa m'makomboni a migodi. Wolemba mbiri Charles van Onselen, m'buku lake lotchedwa Chibaro la mu 1976, anasonyeza mmene poso wa ufa wokhawokha, wopanda ndiwo zokwanira, unkadwalitsira amuna matenda otupa nkhama, ndi mmene chibayo chinkawamalizira. Munthu amene ankadziwa kutchera mbewa, kuzindikira ndiwo zakuthengo kapena kubzala maungu kuseri kwa komboni ankapulumutsa anzake. Amuna ochokera dera limodzi ankaphika mphika umodzi, kusonkherana pa matenda ndi kuikana m'manda.

Mu September 1927 antchito pafupifupi 3,500 a pa mgodi wa Shamva, ambiri mwa iwo ochokera ku Nyasaland, ananyanyala ntchito pofuna malipiro abwino. Mgodi unaima kwa masiku angapo mpaka boma linatumiza apolisi, ndipo atsogoleri awo anagwidwa n'kuthamangitsidwa m'dziko. Sanapeze zonse zimene ankafuna, koma sitiraka imeneyi imawerengedwa kuti ndi imodzi mwa zoyambirira zazikulu za antchito akuda m'mbiri ya Zimbabwe. Taganizani, abale anga. Panalibe lamya ya m'manja, panalibe bungwe la antchito lololedwa pa mgodipo, ndipo makomboni ankalonderedwa usana ndi usiku. Kodi anthu zikwi zitatu a zinenero zosiyana anamvana bwanji kuti tsiku lakuti palibe wolowa pansi? Ine ndikuti anamvana chifukwa anali atadziwana kale pa mphika, pa gule ndi pa maliro. Munthu amene mwadya naye mbale imodzi chaka chathunthu mumadziwa ngati angakuperekeni kapena ayi.

Mmene manyazi anabwerera

Manyazi amene anagwira mayi uja sanabadwe nawo. Anaphunzitsidwa. Tinatchedwa mabhurandaya, kuchokera ku dzina la Blantyre, tinatchedwa mabwidi, tinatchedwa anthu opanda mudzi. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000, Robert Mugabe, amene anali mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, ananyoza poyera anthu a ku Mbare kuti alibe mutupo, ngati kuti Phiri, Banda, Mwale, Mbewe ndi Nkhoma si mifunda ya anthu.

Mawu onyoza anatsatidwa ndi zochita. Ntchito yolanda ndi kugawa minda itayamba mu 2000, m'mapulazi a dziko lino munali antchito oposa 300,000, ndipo gawo lalikulu ndithu linali la mbadwa za ku Malawi, Mozambique ndi Zambia. Ochepa kwambiri mwa iwo ndiwo analandira minda. Mnzathu wa Chishona ntchito itatha anali ndi mudzi wopitako, koma mwana wa tchona anali ndi komboni yokha, ndipo nyumba ya m'komboni imayendera pamodzi ndi ntchito. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, kulamula kuti aliyense amene akanatha kukhala nzika ya dziko lina akane unzika umenewo motsatira malamulo a dzikolo m'miyezi yochepa chabe. Anthu amene sanapondepo ku Lilongwe kapena ku Maputo anauzidwa kukana dziko limene sanalionepo. Ambiri sanamve n'komwe za lamuloli, ndipo anadzangopeza kuti chitupa chawo chikuwatchula kuti ndi alendo ndipo sangathe kuvota.

M'zaka zimenezo kubisala kunali nzeru. Ena anasintha maina, ena analetsa ana kulankhula Chichewa kunja kwa nyumba, ena anatenga mutupo wa mnansi. Sindingaweruze kholo lililonse limene linachita zimenezi pofuna kuteteza ana ake. Koma chishango chimene chinatiteteza pa nkhondo sitiyenera kugona nacho mpaka kalekale.

Phunziro lochokera ku Osaka

Kuti muone kuti nkhaniyi si yathu tokha, ndiloleni ndikutengereni kutali, ku dziko la Japan. Kum'mwera kwa dzikolo kuli zilumba za Okinawa, zimene kale zinali ufumu paokha mpaka Japan anazilanda mu 1879. Anthu ake ali ndi chinenero, nyimbo ndi zakudya zawozawo. Mtengo wa shuga, amene ankadalira, utagwa cha m'ma 1920, kunagwa njala yoti anthu anafika podya chomera china chakupha chimene chimafunika kuviikidwa nthawi yaitali, monga timachitira ndi chinangwa chowawa. Zikwizikwi anakwera sitima kupita ku mzinda wa Osaka kukagwira ntchito m'mafakitale a ulusi ndi m'malo ocheka matabwa, ndipo ambiri anakhazikika m'dera lotchedwa Taisho.

Zimene anakumana nazo mungazizindikire. Pa zipata zina za ntchito ndi pa nyumba za lendi pankalembedwa kuti anthu a ku Okinawa ndi a ku Korea asafunsire. Ankasekedwa chifukwa cha kalankhulidwe kawo ndi chifukwa choweta ndi kudya nkhumba. Ambiri anasintha katchulidwe ka maina awo kuti amveke ngati a eni mzinda, ndipo kachoimbira kawo ka nsambo zitatu, kotchedwa sanshin, ankakaimbira m'nyumba motsitsa kuti anansi asamve. Anamanga zisakasa m'malo a chinyontho amene ena ankawakana, ndipo anakhazikitsa mabungwe a anthu a kumudzi kumodzi othandizana kupeza ntchito, pogona ndi maliro.

Mu 1975 achinyamata a ku Okinawa okhala ku Osaka anatulutsa gule wa kwawo wa ng'oma, wotchedwa eisa, n'kukavina poyera m'dera la Taisho. Akuluakulu ena anakwiya, poona ngati anawo akuwayalutsa. Lero chikondwerero chimenecho chimachitika chaka ndi chaka, ndipo akuti munthu mmodzi mwa anayi alionse m'derali ndi mbadwa ya ku Okinawa. Anthu amachokera kutali kudzadya goya, chipatso chowawa chonga nkhaka chimene amakazinga ndi mazira ndi nyama ya nkhumba, ndi kudzagula timandasi tawo totchedwa sata andagi. Chakudya chimene chinkabisidwa ndicho chikudyetsa mabanja.

Koma nkhaniyi ili ndi mbali yachiwiri, ndipo ndi imene ndikufuna muigwiritsitse. Zilumba za Okinawa sizifika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a nthaka ya Japan, koma zimasenza pafupifupi magawo 70 mwa 100 a malo amene asilikali a America amagwiritsa ntchito paokha m'dzikolo, ndipo eni zilumba akhala akudandaula kwa zaka zambiri osamvedwa. Munthu angathe kukonda ndiwo zako koma osafuna kumva madandaulo ako. Kutchuka kwa mphika sikubweretsa chilungamo pakokha.

Ifenso tikudziwa zimenezi. Alick Macheso anabadwira kuno ku Shamva mu 1968, kwa makolo ochokera ku Malawi, nakulira moyo wa m'mapulazi. Dziko lonse limavina nyimbo zake, ngakhale zimene amaimba m'Chichewa. Gule wamkulu analengezedwa ndi bungwe la UNESCO mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, ndipo amaitanidwa kukasangalatsa anthu pa misonkhano. Koma ng'oma zikatha, wovina uja amabwerera ku nyumba imene angathamangitsidwemo mawa, kwa mwana amene alibe setifiketi ya kubadwa.

Mafunso amene mungandifunse

Wina anena kuti, "Achimwene, chikhalidwe sitidya. Tiuzeni za malipiro." Ndikuvomera kuti thobwa salipira fizi. Koma ndikufunseni: kodi malipiro amakwera chifukwa cha munthu mmodzi wopita yekha kwa bwana atagwira chipewa m'manja? Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Masiku ano ambiri mwa inu mulibe ntchito yokhazikika. Lero muli pa ganyu yokolola fodya, mawa mukupalira kwa mlimi watsopano, mkuja mukusefa golide m'mbali mwa mtsinje wa Mazowe. Mabwana ndi ambiri ndipo antchito amwazikana. Malo okha amene mumakumanabe nonse ndi pa maliro, ku dambwe, ku mzikiti, ku tchalitchi ndi ku bungwe la maliro. Ngati mgwirizano wa antchito uti udzukenso m'mapulazi, udzukira kumeneko, monga zinalili mu 1927.

Wina anena kuti, "Ana athu ndi a Zimbabwe. Bwanji mukuwakokera m'mbuyo?" Ndithudi ndi a Zimbabwe, ndipo ndi chifukwa chake sayenera kubisala. Malamulo aakulu a dziko lino a mu 2013, mu gawo 6, amatchula zinenero 16 zovomerezeka, ndipo Chichewa chili pa mndandanda umenewo. Gawo 63 limapatsa munthu aliyense ufulu wolankhula chinenero chimene wasankha ndi kutsata chikhalidwe chake. Mwana wodya chigwada ndi kulankhula Chichewa sakuchepetsa Uzimbabwe wake. Mwambi uja wakuti mlendo ndi mame sukhudza munthu amene agogo ake anakumba mgodi wa Shamva zaka 100 zapitazo. Mame otani osakamuka zaka zonsezi?

Wachitatu anena kuti, "Si zonse za makolo zili zabwino." Apanso ndikuvomera, ndipo tiyenera kunena tokha ena asanatinenere. Gule amene amathamangitsa ana a sukulu kapena kumenya odutsa m'njira akuipitsa dzina la tonse. Chinamwali chimene chimathera pa kukwatiwitsa mtsikana wa zaka 15 chikuphwanya lamulo, pakuti m'dziko lino ukwati wa munthu wosafika zaka 18 ndi woletsedwa. Kachasu wamaliza amuna ambiri m'makomboni. Kusunga mwambo sikutanthauza kusunga ndi gaga yemwe. Amayi athu amadziwa kupeta.

Kwa inu ogwira ntchito m'nyumba

Inu muli ndi mtolo wapadera. Kuyambira nthawi ya atsamunda amuna a ku Nyasaland ankadziwika m'nyumba za ku Salisbury monga akhukhi odalirika, ndipo mpaka lero ana ndi adzukulu awo, makamaka amayi, akuphikira mabanja a ku Harare, Bindura ndi kuno ku Shamva. Mumadziwa mchere wa munthu aliyense m'nyumbamo, koma palibe amene amadziwa ndiwo imene inu mumakonda. Mumadyera kuseri, nthawi zina choimirira, ena onse atakhuta. Mumagwira ntchito nokhanokha, kuseri kwa mpanda, kumene mnzanu sangaone zimene zikukuchitikirani.

N'chifukwa chake tsiku lanu lopuma ndi lamtengo wapatali, ndipo ndi ufulu wanu, si mphatso ya abwana. Tsiku limenelo funani anzanu. Phikani pamodzi usipa umene wabwera pa basi yodzera ku Mwanza, Tete ndi Nyamapanda. Mukamadya, funsanani kuti aliyense akulandira zingati, amaweruka nthawi yanji, ndipo ndani sanalipidwe miyezi iwiri. Mu 2011 bungwe la ntchito la dziko lonse, ILO, linakhazikitsa Pangano 189 lonena kuti wogwira ntchito m'nyumba ndi wantchito monga wina aliyense. Pangano lolembedwa ku Geneva silingalowe lokha pa geti la nyumba imene mukugwirako ntchito. Limalowa ndi anthu amene akudziwana ndi kuyenderana.

Zoyenera kuchita

Ndikupempha zinthu zisanu, ndipo palibe chimene chikufuna ndalama zambiri.

Choyamba, phunzitsani ana maina. Mwana adziwe kuti ichi ndi chigwada, uyu ndi nkhwani, izi ndi zitumbuwa, ichi ndi chikondamoyo, ndipo adziwe kuziphika, mnyamata ndi mtsikana yemwe. Chinenero chikamachoka m'nyumba chimatsalira kukhitchini, ndipo chikachoka kukhitchini chapita.

Chachiwiri, lembani mbiri ya akuluakulu adakali moyo. Tengani kope la sukulu mufunse agogo dzina la mudzi wawo, mfumu yawo, boma lawo, chaka chimene anafika, mapulazi ndi migodi imene anagwirako ntchito, ndi kumene abale anaikidwa. Sungani makhadi akale a ntchito, a ubatizo, a sikelo ya ana ndi a sukulu. Tsiku lina mapepala amenewa adzakuyankhirani pamaso pa wolemba zitupa.

Chachitatu, pa msonkhano uliwonse wa bungwe la maliro, wa mpingo kapena wa mzikiti, patulani mphindi zochepa zowerenga amene alibe setifiketi ya kubadwa kapena chitupa. Gawo 43 la malamulo a 2013 limanena kuti munthu amene anabadwira mu Zimbabwe malamulowa asanayambe kugwira ntchito, amene kholo lake limodzi kapena onse awiri anali nzika za dziko la m'bungwe la SADC, ndipo ankakhala m'dziko lino pa nthawiyo, ndi nzika mwa kubadwa. Malawi, Mozambique ndi Zambia onse ali mu SADC. Gawo 81 limapatsa mwana wobadwira kuno ufulu wolandira setifiketi ya kubadwa mosachedwa, ndipo lamulo limafuna kuti mwana alembetsedwe pasanathe masiku 42. Pitani ku ofesi ya zitupa m'gulu, pamodzi ndi wina wodziwa kuwerenga ndi achibale okuchitirani umboni. Mayi wopanda chitupa amabereka mwana wopanda setifiketi, mwanayo amavutika polemba mayeso ndi pofuna ntchito, ndipo unyolowo umapitirira mpaka wina ataudula.

Chachinayi, lumikizani magulu athu ndi mabungwe a antchito. Kwa a m'mapulazi kuli GAPWUZ, kwa a m'nyumba kuli ZDAWU. Malipiro otsikitsitsa a m'mapulazi amakambidwa ku khonsolo ya olemba ndi olembedwa ntchito za ulimi, ndipo muli ndi ufulu wodziwa mlingo umene wagwirizanidwa. Gawo 65 la malamulo aakulu limateteza ufulu wa malipiro oyenera ndi wolowa bungwe la antchito. Itanani nthumwi za mabungwewa zibwere kumene inu mumakumana kale, ndipo muzipemphe kuti zilankhule m'chinenero chimene agogo akumva.

Chachisanu, ikani mtengo pa luso lanu. Ngati anthu akufuna thobwa, zitumbuwa kapena chinangwa chophika pa msika wa Wadzanai kapena pa siteji ya basi, gulitsani ndi dzina lake lenileni. Ngati gule waitanidwa kukasangalatsa pa msonkhano wa akuluakulu, alipidwe, ndipo mkulu wa gule asachoke asananene pamaso pa onse kuti ana angati m'komboni mwake alibe mapepala. Amene akufuna ng'oma zathu amvenso mawu athu.

Ndinabwereranso kwa mayi aja patapita miyezi ingapo. Ndinawapeza atakhala pansi pa mango ndi mdzukulu wawo wamkazi, akumuonetsa kusinja chigwada mu mtondo. Mtsikanayo ankalankhula Chishona, agogo ake n'kumayankha m'Chichewa, ndipo ankamvana bwinobwino. Setifiketi ya kubadwa ya mwanayo inali isanapezeke, ndipo mwini pulazi watsopano anali atanenapo kale kuti nyumba za m'komboni akuzifuna. Mavuto onse anali pomwepo. Koma ndiwo zitapsa, mayi aja anaitana mnansi wawo wa Chishona kuti adzalaweko, ndipo mphika unakhala pabwalo wosavundikira. Mnansiyo ndiye analonjeza kuti adzawaperekeza ku ofesi ya zitupa kukawachitira umboni kuti mwanayo anabadwira pomwepo iye akuona.